A Obadiya Afuna Morgan wa Magetsi

Ku Chiwaridzo, m'tauni ya Bindura, mukafunsa za a Obadiya, anthu amayamba aseka kaye, kenako n'kukulozerani nyumba ya mpanda wa malata pafupi ndi pomwe makombi, maminibasi aja, amakhotera. Sikuti ndi munthu woipa ayi. Vuto lawo ndi limodzi lokha: chibadwire, a Obadiya sanalakwepo. Mvula ikawanyowetsa, yalakwa ndi mvula. Akagula nsapato yothina, ndiye kuti phazi ndilo latupa. Akazi awo, mayi Sabina, anasiya kalekale kutsutsana nawo. Amangoti, "Zoona, bambo a Chiedza," kwinaku akuchita zomwe iwo akufuna.

Bambo awo a Obadiya anachokera ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito ya mgodi, ndipo a Obadiya anabadwira m'komboni, kukulira momwemo, n'kulowanso ntchito pamgodi womwewo. Koma pansi sankatsikako. Ntchito yawo inali ya m'chipinda cha nyale, kutchaja nyale zapachipewa, kupatsa olowa m'dzenje, n'kuzilandiranso akamatuluka. Anapuma ntchito ali ndi zala zosalala ngati za kalaliki, ndipo zala zimenezo ndicho chuma chawo, pakuti a Obadiya ndi munthu wa gitala.

Tisanamizane, si gitala ija imene atsikana ankaithamangira. Yawo ndi ya rizimu, yokhala kumbuyo, yogwira nyimbo kuti isagwe. Gitala yotchuka, ya lidi, yolira ngati ikulankhula, ankaimba ndi a Morgan, mnzawo wa paubwana, amene mkati mwa sabata ankabowola miyala pansi pa nthaka ndi jekihama. Loweruka likafika, awiriwa ankatenthetsa bala la pamgodi ndi nyimbo za sungura mpaka fumbi kobo. A Morgan analinso ankhoswe a ukwati wa a Obadiya. Ana a m'komboni amalume awo enieni anali kutali ku Malawi, choncho munthu unkangosankha mnzako wokhulupirika kuti akuimire. Mwambowo ndi wabwino, koma uli ndi kabowo kamodzi. Ukakangana ndi mkazi umathamangira kwa ankhoswe. Nanga ukakangana ndi ankhoswewo, upita kwa yani?

Mkanganowo sunali wa mawu n'komwe. A Morgan anangoyamba kujomba tsiku lokonzekera nyimbo, kenako kujomba Loweruka lenilenilo, anthu atadzaza kale m'bala. Posakhalitsa kunamveka kuti gitala agulitsa kwa mphunzitsi wina wa ku Mazowe, ntchito asiya, asamukira ku Wadzanai, ku Shamva, osatsanzika. Zonsezo a Obadiya akanatha kuzimeza. Chimene chinawakhala pakhosi chinachitika pamaliro a mayi awo a Obadiya. Pamaliro aliyense wobwera amagwira dzanja la wofedwa, ngakhale mdani amatero. A Morgan atafika pamzere anapereka mkono, dzanja atalipindira mkati, monga amachitira munthu amene akutumbula nsomba, kapena amene waona kuti dzanja lauve ndi lako. A Obadiya sanafunse chifukwa, popeza munthu wosalakwa safunsa. Kuyambira tsiku limenelo dzina la Morgan linaletsedwa m'nyumba mwawo, ndipo mwini dzina anasanduka "uja wa ku Shamva."

Zaka zinapita, imvi zinabwera, mpaka chaka chino pamene Chiedza, mwana wawo womaliza, anabweretsa mnyamata. Dzina lake Luckmore, mdzukulu wa anthu a ku Ntcheu, wogwira ntchito mu ofesi m'tauni, woimba kiyibodi ku tchalitchi cha Pentekoste. Ndi mwana waulemu, woomba m'manja ngakhale polandira madzi akumwa. Chichewa amamva chonse, koma akati alankhule chimatuluka chitavala malaya a Chishona. Za malowolo zinayenda bwino, tsiku la ukwati linadziwika, ndipo Chiedza anapempha chinthu chimodzi.

"Baba, ndikufuna kulowa mu holo ndi nyimbo ija munapekera Mhamha. Ija yoti Sabina tsegula zenera. Koma muimbe inuyo, pamaso pa anthu."

A Obadiya anavomera asanamalize n'kumeza tiyi, chifuwa chitatukumuka. Mayi Sabina ndiwo anathira madzi pamoto.

"Nyimbo ija popanda lidi ndi ndiwo zopanda mchere. Shamva si kutali, bambo a Chiedza."

"Ku Shamva kulibe munthu."

"Nanga wa lidi mumutenga kuti? Mwana wanu alowe ndi chinkuru-chinkuru yekhayekha?"

Apa ndi pamene Luckmore, pofuna kukondweretsa apongozi, anaomba m'manja n'kulowetsa mutu wake m'nkhani za akuluakulu.

"Pamusoroi, pepani kulowerera, Baba. Makiyibodi a mazuva ano ali ndi gitala mkati, gitala chaiyo ya magetsi. Ine ndimafuna kale kugula yanga. Tipite tonse ku Harare mukasankhe ndinu, ine ndidzaimba lidi."

Nkhope ya a Obadiya inawala. Taganizani nokha: Morgan wolumikiza kukhoma, wosajomba, wosasamuka, woti akayamba matama ungomuzimitsa. Anamuyang'ana mkamwiniyo ngati akumuona koyamba, n'kunena kuti mwana wawo wasankha bwino.

Loweruka lotsatira anakwera kombi, a Obadiya atanyamula gitala yawo m'thumba la ufa. Njira yonse, kudutsa minda ya malalanje ya ku Mazowe, ankamuphunzitsa Luckmore mmene gitala yeniyeni imalirira, ndipo apaulendo onse anaphunzira nawo mosafuna. Sitolo ya makiyibodi ku Harareko inali yopapatiza, makiyibodi atasanjidwa mpaka kudenga. Wogulitsa anali mtsikana wochangamuka dzina lake Rutendo, amene anawalandira ndi "Titambire, sekuru," kutanthauza kuti takulandirani agogo, n'kuwapatsa mpando.

Rutendo anayamba ndi kuonetsa chimene makiyibodi amtunduwu amatchuka nacho. Dzanja lamanzere likangodina makiyi atatu, mkatimo mumadzuka gulu lonse: ng'oma, besi, zonse zikuyendera limodzi. Anawonjezera kuti angathe kuikamonso sungura kuchokera pa kafulashi.

"Nanga chikukhwekhwereza kumbuyoko n'chiyani?" anafunsa a Obadiya, maso atatsinzina.

"Ndi gitala ya rizimu, sekuru. Ilimonso. Simufunikanso munthu."

"Imeneyo muzimitse."

"Koma ndi yabwino, imvani..."

"Ndati muzimitse, mwana wanga. Makina sangaimbe rizimu. Rizimu imafuna munthu wamtima." Anasisita thumba la ufa lija. "Ife tabwerera lidi basi. Lidi ndiye aliyense angaimbe."

Luckmore anayang'ana kudenga. Rutendo anazimitsa rizimu ija mwaulemu.

Kenako a Obadiya anatembenuza mpando n'kuloza nkhope kukhoma, akuti maso amanyenga, zowala zambiri zimagonthetsa makutu. Rutendo anayamba ndi kakiyibodi kakang'ono. Sikanafike patali.

"Ilo ndi belu la njinga. Ina."

Yachiwiri inali yaikulu, ya mabatani ngati ndege, ndipo Rutendo anasankha gitala yaukali ija imene achinyamata amaikonda. A Obadiya analumpha pampando.

"Maiwe! Ndati gitala, osati chigayo! Mwana wanga alowe mu holo ndi zimenezo, anthu aziti kukubwera chimanga?"

Anayesa ina, akuti ikulira bwino koma yapita kusukulu kwambiri, mawu onse ofanana ngati ana a yunifolomu. Inanso akuti ili ndi chimfine, ngakhale uja wa ku Shamva sankaliza choncho. Makasitomala ena anasiya zogula n'kuima kuti aonere. Rutendo, amene ankaoneka kuti wayamba kusangalala nayo nkhondoyo, anatsitsa ina pashelefu yapamwamba. Anati iyi ukadina pang'ono imanong'ona, ukamenya imakuwa, monga zimachitira nsambo zenizeni, ndipo nthawi zina umamva ngakhale kachala kakutsetsereka pansambo. Kumanzere kwake kunali kagudumu kakang'ono. Rutendo anagwira kiyi imodzi n'kukankha kagudumuko pang'onopang'ono, ndipo mawu aja anapindika n'kukwera, ngati munthu wofunsa funso ali pafupi kulira.

Msana wa a Obadiya unauma. Kunena zoona, mtima unawapweteka, ndipo kupwetekako kunawakwiyitsa.

"Uja wa ku Shamva ankapinda choncho," anatero a Obadiya. "Koma iye sankafika pamwamba penipeni. Ankasiyira panjira."

"Sekuru," anatero Rutendo, "munthu wa ku Shamvayu mwakhala mukumutchula chilowereni muno. Bwanji osangobwera naye adzasankhe yekha?"

Luckmore anagwidwa ndi chifuwa chadzidzidzi. A Obadiya anati ana a masiku ano alibe mwambo, ndipo kiyibodiyo aikulunge.

Kunyumba anthu a mumsewu wonse anabwera kudzaiona. Koma atayamba kukonzekera nyimbo, zinthu zinavuta. Luckmore anazolowera kuimba kutchalitchi, nthawi imene abusa akuitana ochimwa kutsogolo, zala zonse zitayala pamakiyi. Zomwe zinkatuluka zinali piyano yobwereka jekete la gitala.

"Mukwasha," anatero a Obadiya, poitana mkamwini m'Chishona, "gitala ili ndi nsambo zisanu ndi imodzi. Iwe ukuponda makiyi khumi nthawi imodzi. Woimba wake ali ndi manja angati?"

"Zvakanaka, Baba. Ndiye mundiimbire lidi yake pakamwa, ine nditsatire."

A Obadiya anatsegula pakamwa molimba mtima. Anayamba bwino, ti-ri-ri, kenako anapezeka kuti abwerera ku rizimu yawo yomwe. Anayambanso, zomwezo. Zoona zake n'zakuti zaka zonse zija iwo ankadziwa pomwe a Morgan alowere ndi pomwe atulukire, ankawasiyira mpata ngati mmene umasiyira mnzako malo pabenchi, koma zimene a Morgan ankachita mumpatamo sanaziloweze. Panalibe chifukwa cholowezera, mwini wake analipo. Mayi Sabina anayesa kung'ung'udza mmene ankakumbukirira, a Obadiya anati imeneyo ndi nyimbo ya kwaya. Kaseti panalibe, popeza gulu lawo silinajambulepo. Lidi ya nyimbo ya Sabina inali malo amodzi okha padziko lonse, ndipo malowo anali ku Shamva.

Masiku angapo a Obadiya anayenda mwakachetechete, akukalipira nkhuku. Chiedza anabwera n'kunena kuti ngati zavuta angolowa ndi nyimbo ya pafoni ngati anzake onse, palibe vuto. Ananena mokoma mtima, koma mawuwo anawalasa bambo ake kuposa chipongwe. M'mawa mwake a Obadiya anavala jekete n'kunyamula kiyibodi ndi gitala.

"Ndikupita ku Shamva," analengeza. "Sikuti ndikukapempha kanthu ayi. Ndikukamuonetsa kuti malo ake atengedwa."

Mayi Sabina anangoika shuga ndi buledi m'chikwama, n'kuwauza kuti akapereke moni kwa mayi Dailesi, akazi a a Morgan.

Kondakitala anati kiyibodi ikhale ndi mpando wakewake, ndipo a Obadiya anakangana naye mpaka kutuluka m'tauni, gitala ili pakati pa miyendo. Ku Wadzanai sanavutike kupeza nyumba. Kwa munthu amene ankati ku Shamva kulibe munthu, njira ankaidziwa bwino modabwitsa.

Anawapeza a Morgan atakhala pakhonde akuwothera dzuwa, atachepa thupi, manja atawabisa m'chikhoti chachikulu ngakhale kunkatentha. Anayang'anana. Palibe anatambasula dzanja.

"Achimwene," anatero a Morgan. "Mwasochera?"

"Ndabwera kudzakuonetsa Morgan watsopano. Uyu sajomba."

"Chabwino. Ndimuone mnzangayo."

Mayi Dailesi anatuluka, analandira shuga ndi chimwemwe chosabisa, n'kubwera ndi tiyi. Kapu ya a Obadiya anaika pa kampando. Ya a Morgan anaigwirabe m'manja, n'kudikira mpaka amuna awo atatulutsa manja m'chikhoti muja. A Obadiya anaona. Zala zinali zopindikira mkati, zowuma, nsonga zake zotuwa ngati zaviikidwa m'phulusa. A Morgan anaipana kapuyo pakati pa zikhatho ziwiri, monga amagwirira mwana wamng'ono, ndipo tiyi wina anatayikira pa thalauza.

Munthu amene wagwira ntchito m'chipinda cha nyale manja otere amawadziwa. Anawaona kambirimbiri pawindo lake, amuna a jekihama akulephera kumasula lamba wa nyale, kunjenjemera kwa chitsulo kutawadya zala pang'onopang'ono. Anawaona pa anthu ena onse, koma sanaganizepo kuti zingagwere zala zimene zija.

"Zinayamba liti?" anafunsa.

"Nthawi ija ndinayamba kujomba. Nsambo sindinkazimvanso. Ndimati ndadina apa, chala chili pena."

"Ndiye pamaliro a amayi..."

"Dzanja likanatseguka ndikanakupatsa."

"Nanga pakamwa panalinso jekihama? Osanena bwanji, chitsiru iwe?"

A Morgan anaseka pang'ono, akuyang'ana m'kapu. "Ndikanakuuza ukanandimvera chisoni. Ukanayamba kundinyamulira gitala, kundiyendera Lamlungu ngati wodwala. Ndinaona kuti bola undikwiyire. Munthu amene wakukwiyira amakuonabe ngati mwamuna."

A Obadiya anachita manyazi, manyazi enieni otentha m'makutu, ndipo posadziwa kochita nawo anayamba kukalipira mayi Dailesi kuti pakhomo pano soketi ili kuti. Magetsi anali atapita monga mwa masiku onse, koma panali batire la sola, ndipo posakhalitsa kiyibodi inali pa tebulo pakhonde, magetsi ake akuphethira.

"Ungondiimbira pakamwa lidi ya Sabina," anatero a Obadiya. "Mkamwini wanga akaphunzire. Chiedza akukwatiwa."

"Chiedza? Kamwana kaja kankagona m'bokosi la sipika?" A Morgan anasendera pafupi. Anatambasula chala chimodzi chimene chinkawongokabe, n'kudina kiyi. Anadinanso mwamphamvu, mawu anakuwa. Anapendeketsa mutu. "Nanga aka n'kachiyani?"

"Kagudumu. Kamapinda mawu. Usakagwire, ungawononge."

A Morgan anaika chikhatho chakumanzere pa kagudumuko, popeza chikhatho sichifuna zala. Anasakasaka makiyi, kulakwitsa, kutukwana pang'ono m'Chilapalapa cha pansi pa mgodi, kuyambanso. A Obadiya anatulutsa gitala m'thumba, akuti angofuna kuona ngati nsambo sizinamasuke m'kombi, n'kuyamba rizimu ija pansipansi. Atafika pampata paja anasiya malo monga mwa kale, ndipo m'malomo munalowa lidi ya Sabina. Inali yochedwa, yosowa tizokometsera tina, yoimbidwa ndi chala chimodzi ngati nkhuku yojompha chimanga. Koma inali yomweyo. Mayi Dailesi anakhala pansi pakhomo n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Amayi awiri amene ankadutsa ndi zidebe anaima pampanda, mmodzi n'kuyamba kugwedeza mapewa.

A Obadiya anaimba mutu uli pansi, misozi ikugwera pagitala, ndipo sanaipukute chifukwa manja onse anali pantchito. Atamaliza anakweza mphuno n'kunena kuti fumbi la ku Shamva ndi loipa.

"Ukuthamanga," anatero a Morgan. "Wakalamba koma ukuthamangabe."

"Ukuchedwa ndiwe. Kiyibodi ndikuisiya konkuno, uziyeserera. Loweruka ndibweranso. Paukwati ukaimba ndiwe."

"Nanga mkamwini? Si yake iyi?"

"Mkamwini watenga mwana wanga. Angadandaule kiyibodi?"

A Morgan anaseka mpaka kutsokomola, koma kenako nkhope inagwa. Anabweza manja m'chikhoti muja.

"Obadiya, kuimba ndingayese. Koma paukwati anthu amadya. Ine supuni imandigwa, mpunga umathera pamalaya. Anthu onse a kumgodi adzakhala pomwepo, amene ankandidziwa kale. Chichokere ku Bindura sindinadyepo pagulu."

A Obadiya anamanga thumba la gitala pang'onopang'ono. Akanatha kunena kuti anthu sadzayang'ana, koma likanakhala bodza, ndipo a Morgan mabodza otere ndiwo anawathawa.

"Bambo wa mkwatibwi amukonzera mpando kutebulo lapamwamba," anatero. "Akhalepo Sabina yekha, amakonda kujambulidwa. Ife oimba tikadyera kuseri kwa masipika, mbale imodzi. Mpunga ukatayika, anthu adzati wataya ndine."